Amalume Amene Ndinalemba pa Fomu

Dzina langa sindilemba, ndipo mukafika kumapeto mudziwa chifukwa chake. Anthu ondidziwa amati ndine mayi wosamala mopitirira muyeso. Lero ndikufuna ndikuuzeni zimene kusamala kwangako kunamuchita mwana wanga.

1

Ndine wamantha chibadwire. Ndikakhoma chitseko ndimabwerera kawiri kukachigwedeza. Mwana akatsokomola ndimawerenga kuti watsokomola kangati. Mwana wanga wamkazi ndinkamuwolotsa msewu nditamugwira dzanja mpaka atayamba sekondale, iye akung'ung'udza kuti anzake akumuseka.

Ndinamubereka ndili ndi zaka 18. Mayeso omaliza ndinalemba mimba nditaibisa m'juzi yaikulu. Mwini mimbayo anakana, kenako anasowa. Amuna anga anandikwatira mwanayo ali ndi zaka zitatu, ndipo mpaka lero sindinawamvepo akunena kuti "mwana wako." Ntchito yawo ndi ya zamagetsi, amayala mawaya m'nyumba zatsopano. Mwanayo amawatcha ababa, iwo amamutcha Aprofesa, chifukwa kuyambira ali kakhanda ka sukulu ya mkaka ankakonza aliyense wolakwitsa, ngakhale wowerenga nkhani pa wailesi amene sangamumve n'komwe.

Ine ndimagwira ntchito pa shopu ya fotokope. Timajambula zithunzi za pasipoti, timasindikiza makalata, timathandiza anthu kulemba mafomu. Mafomu ndimawadziwa ngati zala zanga. Ndimadziwa kabokosi kamene ukachonga amakufunsa mafunso ena khumi, ndi kamene ukachonga amangokudutsitsa.

Aprofesa atakwanitsa zaka 15 anapambana mpikisano wa masamu, ndipo sukulu ina yakunja, yogonera konko, inamupatsa malo aulere. Amuna anga anavina pakhonde nsapato imodzi ili kumwendo, ina ili m'manja. Ine ndinakadzitsekera m'bafa n'kulira, osadziwa ngati ndikulirira chimwemwe kapena mantha.

Mapepala anabwera masamba 24 ndipo ndinawasindikiza ndekha kuntchito. Vuto linali pa tsamba 19. Sukuluyo imatseka malo ogona pa tchuthi cha pakati pa teremu, choncho mwana aliyense wochokera kunja ayenera kukhala ndi womuyang'anira m'dzikomo. Panali timabokosi tiwiri. Ukachonga koyamba, sukulu imakupatsa banja limene yalifufuza kale: amapita kunyumbako, amaona chipinda chimene mwana azigona, amafunsa kupolisi, ndipo teremu iliyonse amabwererako. Ukachonga kachiwiri, ndiye kuti womuyang'anirayo ndi mchimwene kapena mchemwali wa kholo, ndipo safufuza chilichonse pokhapokha kholo litapempha.

Amuna anga anati tichonge koyamba, popeza kunjako tilibe wina aliyense. Ine mutu unaima. Mwana wanga, amene ndinali ndisanamulolepo kukagona ngakhale kwa mnzake wa nyumba yoyandikana nayo, akakhale masiku khumi ndi anthu amene sindikudziwa ngakhale mmene amasekera? Ndinauza amuna anga kuti andipatse masiku awiri.

2

M'foni mwanga munali nambala ina imene ndinaisunga zaka zinayi osaiimba. Anandipatsa ndi mnzanga wa kusekondale. Mwini nambalayo ankakhala mumzinda womwewo wa sukulu ya Aprofesa, ndi mkazi ndi ana atatu.

Ndinamuimbira pa nthawi ya nkhomaliro, ndili m'kachipinda kojambulira zithunzi, kumbuyo kwa nsalu yoyera. Ndinafotokoza za tsamba 19. Anafunsa ngati mwanayo ndi wanzeru ndithu, ndinati kwambiri. Pamapeto pake anavomera, koma anaika lamulo limodzi. Ndinalilandira msangamsanga, chifukwa nanenso ndinkalifuna lamulo lomwelo.

Madzulo ake ndinauza amuna anga kuti ndapeza m'bale: mchimwene wanga amene malemu bambo anga anabereka kwina asanakwatire amayi. Anasiya kusenda waya n'kundiyang'ana.

"Zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba muno, lero mwamera mchimwene? Tifufuze bwino, mwina muli ndi wina wa ndege atikwezeko."

Ndinaseka nawo. Makolo anga onse anamwalira, panalibe wonditsutsa. Amuna anga analankhula naye pa foni, akumutcha alamu, akumuthokoza mpaka kugwada pamene munthuyo sakuwaona. M'mawa mwake ndinachonga kabokosi kachiwiri, ndinalemba dzina lake, ndipo pa mzere wofunsa ubale ndinalemba kuti mchimwene wanga.

Aprofesa anasangalala kuti ali ndi amalume. Ku bwalo la ndege ndinamupatsa malangizo mpaka pakamwa panauma: asayende yekha, asakwere galimoto ya munthu wosamudziwa, asadye chimene sanaone pophika, ndipo koposa zonse, akamvere amalume ndi anti ake. Amuna anga anangomuuza kuti akakonze aphunzitsi mwaulemu.

3

Tinkalankhulana pa vidiyo Lamlungu lililonse masana. Masabata oyamba ankaimba ali m'chipinda chake cha kusukulu, akutionetsa bedi, desiki, ndi mnzake wogona naye amene ankatibayibitsa. Anatiuzanso za mayi wina woona za chitetezo cha ana pasukulupo, amene amaitana mwana aliyense payekha kamodzi pa mwezi n'kumufunsa ngati akudya, ngati akugona, ngati pali womuvutitsa. Ana anam'patsa dzina loti Mayi Mafunso.

Mwezi wachiwiri ndinaona kuti kumbuyo kwake kwasintha. Tsopano kunali khoma lopanda chithunzi ndi makina ochapira. Anati anti ake ayamba kumutenga Lachisanu lililonse, popeza womuyang'anira ali ndi ufulu wosainira kuti mwana akagone kunyumba kumapeto a sabata. Anti akewo ankagwira ntchito ya mashifiti kunyumba yosungira okalamba. Ana anali atatu, wamng'ono wa zaka ziwiri.

Maso anga saphonya kanthu, ndiye tsoka langa. Ndinaona kuti zala zake zasweka m'mphepete mwa zikhadabo. Ndinaona kuti amalankhula motsitsa mawu, khutu lina lili kuchitseko. Ndinaona kuti tsitsi limene ankalisamala ngati mazira langomangidwa ndi kachingwe. Nditamufunsa kumene amagona, anati pa matiresi, pansi, m'chipinda cha anawo, kuti wamng'ono akalira azimutonthoza.

Ndinamuuza kuti ndi mmene timakhalira kwa abale, mwana wamkazi sakhala manja lende m'nyumba ya eni. Mkazi uja naye ankandiimbira apo ndi apo. Ankati, "Alamu, mwana mwalera. Manja ake ndi opepuka, sindidziwa ndinkatha bwanji asanabwere." Ine n'kumathokoza ngati andipatsa mendulo.

Tsiku lina Mayi Mafunso anandiimbira ndili kuntchito. Ankalankhula pang'onopang'ono kuti ndimve, poti chinenero chawocho ndinachisiyira ku sekondale. Anati mwana wanga akumabwerera kusukulu Lolemba m'mawa m'malo mwa Lamlungu, akuwodzera m'kalasi, ndipo ntchito ya masamu, masamu enieniwo, wayamba kusiya yosamaliza. Anafunsa ngati ndingalole kuti akaone kunyumba kwa amalumewo. Anati ndi nkhani ya mawu amodzi okha ochokera kwa ine.

Ndinadziwa kuti akapita kunyumbako akafunsa mapepala, akafunsa kuti ine ndi munthuyo tinakulira kuti, mayi athu ndi ndani. Ndinayankha kuti palibe chifukwa, ndi m'bale wanga, mwanayo akungozolowera nyengo.

Lamlungu lotsatira ndinaonetsetsa kuti ndalankhula naye amuna anga ali kunja.

"Amayi, Lachinayi ndikaonana ndi Mayi Mafunso. Ndiwauze?"

"Uwauze chiyani?"

"Kuti ndikumatopa."

"Kutopa ndi mlandu? Ukufuna amalume ako awaitanire apolisi chifukwa watsuka mbale? Za m'banja sitiuza alendo. Akakufunsa, unene kuti zonse zili bwino."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti chabwino amayi. Mwana ameneyu amatsutsa dziko lonse, koma ine sananditsutsepo. Ndinamuphunzitsa ndekha kuti mayi ake ndi amene amaona ngozi isanafike.

4

Tchuthi cha masiku khumi chinafika. Lachitatu masana m'shopu munadzaza anthu, makina aakulu anali atameza pepala, ndipo mnzanga wa pakauntala ankawanyoza kuti ndi okalamba kuposa abwana. Foni yanga inalira. Aprofesa sankaimba pakati pa sabata.

Ndinathamangira kumbuyo kwa nsalu yoyera kuja. Nkhope yake inali mbuu, koma mawu anali odekha moopsa. Anati amalume ndi anti anapita ku ukwati mumzinda wina dzulo lake, abwerako Lachisanu, ndipo anamusiya yekha ndi ana atatuwo. Wamng'ono anakoka chingwe cha ketulo ya madzi owira. Iye anamukankhira kumbali, madzi onse n'kuthera pa mkono wake.

Anatembenuza foni. Kuyambira pa chigongono mpaka pamene timavala wotchi, khungu linali litafiira, matuza atatukuka ngati mapepala apulasitiki. Ndinakhala pa kampando ka ojambulitsa.

Ndinamuuza kuti athamangire kuchipatala. Anati pasipoti ndi khadi la kuchipatala anti anazikhomera m'dirowa, komanso sangasiye ana okha. Kenako anandionetsa kakhadi kachikasu. Sukulu imapatsa mwana aliyense kakhadi kotero, kokhala ndi nambala yoimba nthawi iliyonse, tchuthi kaya ayi, ndipo amatumiza munthu pompopompo.

"Ndiimbe, amayi?"

Ndikanangoti imba. Ndi mawu amodzi. M'malo mwake ndinati adikire kaye ndilankhule ndi amalume ake.

Munthu uja anayankha ali pa phokoso la nyimbo. Nditamuuza, sanafunse kuti chilondacho ndi chachikulu bwanji. Anati sukulu ikabwera ipeza ana anayi ali okha m'nyumba, ndipo m'dziko limenelo umenewo ndi mlandu wa apolisi. Anati akayamba kufufuza safufuza theka.

"Zikaululika, siziululika kwa ine ndekha," anatero. "Nanunso muli ndi banja."

Ndinakhala pa kampando kaja ndikuyang'ana getsi lojambulira. Mnzanga anakuwa kuti makasitomala akudikira. Ndinaimbiranso mwana wanga. Ndinamuuza kuti asaimbe kusukulu. Ndinamuuza kuti apake mankhwala otsukira mano, amange ndi nsalu yoyera, amwe mapilitsi opha ululu, amalume abwera Lachisanu. Ine amene ndinamutengerapo kuchipatala chifukwa cha kulumidwa ndi nyerere.

"Zikuwawa, amayi," anatero motsitsa.

"Limba mtima. Ndiwe wamkulu tsopano."

Ndinapukuta m'maso, ndinatuluka, ndipo ndinajambula bambo wina chithunzi cha pasipoti ndikumuuza kuti akweze chibwano pang'ono.

5

Amuna anga sindinawauze. Masiku amenewo ndinkalembera mwanayo uthenga ola lililonse: chikuuma? chasintha mtundu? Iye ankangoyankha kuti zili bwino. Lachisanu eni nyumba anabwera. Anti ake anaona mkonowo, anati wachita bwino kumanga, n'kumupatsa malaya a manja aatali.

Lamlungu tinalankhula naye tonse awiri. Amuna anga anayamba nthabwala zawo, n'kunena dala kuti seveni kuchulukitsa ndi eyiti ndi 54. Aprofesa anangomwetulira. Foni itaduka, amuna anga anatembenukira kwa ine.

"Mwanayu akudwala. 54 wamusiya adutse?"

Ndinati ndi kutopa chabe. Anafunsa za malaya a manja aatali m'nyumba, ndinati kumeneko kukuzizira. Anandiyang'ana mmene amayang'anira khoma pofuna kudziwa pamene padutsa waya.

Lolemba sukulu inatsegulidwa. Lachiwiri mwana wanga anagwa pa mzere wolandirira chakudya, thupi likutentha ngati simbi. Namwino wa pasukulu atapinda mkono wa malaya, nsalu ija inali itamatirira pachilonda, mafinya akutuluka. Anamugoneka m'chipatala masiku awiri. Dokotala anati akanachedwa masiku ena awiri, nkhani ikanakhala ya magazi onse, osati mkono wokha.

Uthenga wa sukulu unapita kwa makolo onse awiri, chifukwa pa tsamba loyamba la mapepala aja ndinalembapo amuna anga ngati bambo. Anabwera kushopu ali ndi fumbi la simenti m'tsitsi, foni ili m'manja. Anafunsa ngati ndinkadziwa kuti mwana wapsa. Ndinati ndangomva kumene. Limenelo linali bodza langa lomaliza, ndipo ndinalinena ndikuwayang'ana m'maso.

6

Mayi Mafunso anapempha kuti tikumane pa vidiyo Lachinayi masana. Tinakhala pa tebulo la pabalaza, foni titaitsamiritsa ku chitini cha shuga. Kumbali inayo kunali ofesi yaing'ono, mayiyo atavala magalasi, ndipo pambali pake Aprofesa, mkono uli m'bandeji mpaka m'zala. Anali atawonda moti kolala ya yunifolomu inkaoneka ya munthu wina.

Mayiyo anafotokoza modekha. Amalume ndi anti anauza sukulu kuti iwo anali pakhomo sabata yonse, kuti mwanayo anadziwotcha yekha pofuna kupanga tiyi, n'kubisa, chifukwa ndi mwana wosamasuka. Mwanayo atafunsidwa, masiku awiri onse, yankho lake linali limodzi: zonse zili bwino. Mayiyo anati pa ntchito yake waona ana ambiri, ndipo mwana akamabwereza mawu omwewo osasintha ngakhale limodzi, kawirikawiri mawuwo amakhala kuti anachita kupatsidwa. Sananene kuti ndi ndani anamupatsa. Anangondiyang'ana.

Kenako anati amalumewo aimba kuti abwera mawa, Lachisanu, kudzamutenga kuti akachirire kunyumba. Iye sankafuna kumupereka, koma pa mapepala munthuyo ndi womuyang'anira, m'bale wa magazi, ndipo palibe amene wamunenera choipa. Anafuna kumva kwa makolo.

Amuna anga anapumira m'mwamba. Ndinaona kuti mtima ukuwawira, koma ndi munthu waulemu. Anandiuza chapansipansi kuti iwo sakufuna, komabe munthuyo ndi mchimwene wanga, sangamunyoze pamaso pa alendo, ndinene ndine.

Ndinayang'ana mwana wanga. Sankayang'ana mayi uja, sankayang'ana ababa ake. Ankayang'ana pakamwa panga, kudikira kuti ndimuuze chochita. Ndinadziwa kuti ndikanena kuti apite, mawa alongedza kachikwama ndi dzanja limodzi, akagona pa matiresi aja, ndipo wamng'ono akalira adzuka.

"Asapite," ndinatero m'chinenero chathu. "Anamusiya yekha ndi ana masiku atatu. Atapsa anandiimbira, kakhadi kali m'manja. Ndine ndinamuletsa kuimba."

Amuna anga anatembenuka thupi lonse. Anafunsa chifukwa chake, kamodzi kokha, mosakweza mawu.

"Chifukwa si mchimwene wanga. Ndi bambo ake omubereka."

Lamulo limene munthu uja anaika tsiku loyamba linali lakuti mkazi wake asadziwe, mwanayo asadziwe, aliyense azidziwa kuti ndi mwana wa mlongo wake. Ndipo mwanayo ndinali nditamuuza kuyambira ali wamng'ono kuti bambo ake omubereka anamwalira iye asanabadwe.

Mayi Mafunso sanamve chimene ndinanena. Anaona nkhope zathu zokha, n'kupempha kuti wina amumasulire. Amuna anga ankayang'ana patebulo. Amene anamasulira ndi Aprofesa. Anatembenukira kwa mayiyo, ndipo momveka bwino, ngati akuyankha funso m'kalasi, anafotokoza zonse: za ukwati, za ketulo, za pasipoti ya m'dirowa, za kakhadi. Pomaliza anati, "Akutinso munthu uja ndi bambo anga."

Atatero anapempha ngati angatuluke. Sanayang'anenso pa foni.

7

Sukulu inachita zimene ndinaikaniza kuchita masabata angapo m'mbuyomo. Dzina la munthu uja analichotsa tsiku lomwelo. Anadziwitsa a boma oona za ana, ndipo pasipoti inakatengedwa. Aprofesa anamupezera banja la pa mndandanda wawo, aphunzitsi awiri opuma pa ntchito. Ali ndi chipinda chake, chitseko chake, ndi desiki pawindo. Mayi wa m'nyumbamo ndi amene ankamuperekeza kukatsukitsa chilonda. Amenewo ndiwo alendo amene ndinkawaopa.

Mkazi wa munthu uja anandiimbira kamodzi. Sananditchenso alamu. Ananditukwana mphindi makumi awiri ndipo sindinadule foni, chifukwa pa zonse ananena panali zochepa zimene ndikanatsutsa. Munthu uja sanaimbe, ngakhale kufunsa za mkono.

Amuna anga sanakalipe. Tsiku la vidiyo lija anatenga sikuludiraiva n'kuyamba kumasula soketi ya pabalaza imene inalibe vuto lililonse. Patapita masabata atatu osalankhulana kupatula za ana ndi za pakhomo, anandipeza ndikusita n'kunena zimene anasunga.

"Za mimba ija ndinazidziwa ndisanakukwatireni, sizinandivutepo. Kundigwaditsa pa foni kwa munthu ameneyo, ndikumutcha alamu, nazonso ndidzaiwala. Koma munaona mkono wa mwana wanga Lachitatu, n'kudya nane Lachitatu, Lachinayi, mpaka Lolemba. Pamenepo ndiye sindikudziwa."

Tikadali m'nyumba imodzi. Sindikudziwa ngati ndinene kuti tikadali banja, iwo ndi amene angayankhe.

Mayi Mafunso anandifunsa pambuyo pake chimene chinandichititsa kulemba munthu ameneyo. Ndinati mantha a anthu osawadziwa, ndipo n'zoona. Koma pali china chimene sindinamuuze, ndikuuza inu. Ndinkafuna munthu uja amuone. Ndinkafuna azikhala naye pa tebulo limodzi mwana amene anamukana, amve mmene amayankhira, aone malipoti ake, mtima uzimuwawa mwakachetechete. Ndinatumiza mwana wanga kuti akandibwezerere, iye osadziwa kuti watumidwa.

Inu makolo anzanga amene ana anu ali kutali, kapena mukuwakonzera ulendo, sindili pa malo oti n'kuphunzitsa munthu. Ndingonena zimene ndinaziona mochedwa. Mafunso a anthu a kusukulu aja amatopetsa, ena amachititsa manyazi, koma sanaikidwe kuti atinyoze. Anaikidwa chifukwa ife tili kutali, ndipo foni imaonetsa pokhapo pamene mwana walozetsa. Akapempha kukaona kumene mwana amagona, aloleni, ngakhale kukhale kwa mchemwali wanu wa bere limodzi. Ndipo musamuphunzitse mwana kunena kuti zonse zili bwino. Ana athu amamvera. Wanga anamvera mpaka kugwa pa mzere wa chakudya.

Mkono unapola, koma chipsera chilipo, ndipo dokotala akuti sichidzatha. Masamu abwerera m'malo mwake. Lamlungu amaimbira ababa ake, amaseka, amakangana za mpira. Ine ndimakhala pambali pamene kamera sifika, ndikumvetsera mawu ake ngati akutsokomola.

Mwezi watha anauza ababa ake kuti andipatse foni. Ndinailandira ndi manja awiri. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa, koma sanandipatse mpata. Anati za munthu uja sakufuna kumva, bambo ali nawo kale. Anali ndi funso limodzi lokha.

"Amayi, Mayi Mafunso akanapanda kukufunsani tsiku lija, Lachisanu mukanandisiya ndipite?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ayi. Iye anali akundiyang'ana, phee, ndipo ndinaona kuti bodza lina limodzi likhala lomaliza kumva kwa ine.

Ndinati, "Sindikudziwa, mwananga."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati chabwino, bola limeneli ndi yankho loona. Kenako anati ndibweze foni kwa ababa, sanamalize kuwauza za mayeso.